Kompyuta ikayamba ulesi, mankhwala si kuitaya

CHIMBONILA — Pali chizolowezi china chimene chayamba kumera mizu m'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo a anthu ochepa amene ali ndi kompyuta m'boma lino ndi m'madera oyandikana nalo. Kompyuta ikangoyamba kuchedwa kudzuka m'mawa, ikamatha mphindi zingapo isanatsegule kalata imodzi yokha, eni ake amangoti yakalamba. Amaifunditsa nsalu n'kuikankhira pakona. Kumeneko imakhala miyezi, mwinanso zaka, fumbi likuikwirira, kwinaku anthu akudikira tsiku limene boma kapena bungwe lina lidzabweretse yatsopano.

Chizolowezi chimenechi n'choipa ndipo chikutayitsa chuma. Makompyuta ambiri amene agonekedwa chotere sanafe ayi. Chimene akusowa ndi kachipangizo kakang'ono, kopyapyala, kosaposa chikhatho cha munthu kutalika kwake. Kachipangizoka kamatchedwa memory, ndipo m'masitolo a ku Lichinga munthu akakafunsa m'Chipwitikizi ayenera kunena kuti memória RAM. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompyuta yatsopano, ndipo kukalowetsa m'malo mwake ndi ntchito yosatha ngakhale theka la ola.

Anthu a ku Niassa safunika kuphunzitsidwa za kukonza zinthu. Amene anakula m'zaka za nkhondo akukumbukira mmene wailesi ya Xirico inkasamalidwira ngati mwana. Ikasiya kulankhula inkatsegulidwa, waya n'kulumikizidwa, mabatire n'kuyanikidwa padzuwa, mpaka ilankhulenso. Mtendere utabwera mu 1992 ndipo anthu atabwerera kuchoka ku Malawi, njinga imodzi inkatumikira mudzi wonse, ndipo palibe amene ankaitaya chifukwa choti tcheni chatha. Ankagula tcheni, njinga n'kupitiriza ulendo. Nanga n'chifukwa chiyani kompyuta yokha ikadwala anthu omwewo akuthamangira kulengeza maliro? Yankho lake n'lakuti ambiri sanauzidwe zimene zili m'kati mwake, ndipo chinthu chosadziwika chimaopedwa.

Nkhokwe ndi mphasa

Mlimi aliyense wa nyemba ku Chimbonila angamvetse nkhaniyi mosavuta. Pakhomo pamakhala nkhokwe, mosungira zokolola, ndipo pamakhalanso mphasa imene mayi amayala pabwalo akafuna kusankha nyemba. Nkhokwe ingathe kukhala yaikulu ndi yodzaza, koma ngati mphasa ndi yaing'ono, mayiyo amatapa nyemba pang'ono, n'kusankha, n'kubwezera, n'kukatapanso zina. Tsiku limathera m'njira, pakati pa nkhokwe ndi mphasa. Nyemba zilipo, mphamvu zilipo, koma ntchito siyenda chifukwa pogwirira pachepa.

Kompyuta nayonso ili ndi nkhokwe ndi mphasa. Nkhokwe yake ndi diski, imene ena amati disco duro. M'menemo ndi mmene mumagona makalata, zithunzi, nyimbo ndi mapulogalamu onse, ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Mphasa yake ndiyo memory ija. Chilichonse chimene munthu watsegula, kaya ndi kalata, kaya ndi ndandanda wa mayina a ana asukulu, kompyuta imachitapa mu diski n'kuchiyala pa memory kuti ichigwiritse ntchito. Memory ikadzaza, kompyuta imayamba kubwezera zina ku diski kuti ipeze malo, kenako n'kukazitenganso zikafunika. Diski, makamaka yachikale imene ili ndi mbale yozungulira m'kati, ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi memory. Apa ndi pamene pamachokera ulesi uja. Kanyali ka diski kamangophethira osapuma, kompyuta ikung'ung'udza, munthu atagwira tsaya.

Pali chinthu chinanso chimene fanizoli limaphunzitsa. Mphasa imayalulidwa madzulo, ndipo chotsala pamphasa chimatayika. Memory nayo imaiwala zonse magetsi akangozima. Mzinda wa Lichinga unalumikizidwa ku magetsi a ku Cahora Bassa mu 2005, koma aliyense akudziwa kuti nthawi ya mvula ndi mphenzi magetsi amathima osatsanzika. Mlembi amene walemba masamba asanu osasunga mu diski amataya onse, ngakhale kompyuta yake itakhala ndi memory yochuluka bwanji. Kuwonjezera memory kumafulumizitsa ntchito, koma sikuchotsa udindo wosunga kawirikawiri zimene munthu akulemba.

Sikuti kompyuta yakale yafooka mphamvu ngati mmene amafookera munthu wokalamba. Katundu amene ikusenzetsedwa ndi amene wakula. Windows XP, imene inatuluka mu 2001, inkayenda bwino ndi memory ya 128 MB. Windows 7, ya mu 2009, inkafuna 1 GB kapena 2 GB. Windows 11, ya mu 2021, siilola n'komwe kulowa m'kompyuta imene ilibe 4 GB. Popeza 1 GB ndi 1,024 MB, ndiye kuti m'zaka 20 zokha chofunikacho chinakula maulendo 32. Kuwonjezera apo, masamba a pa intaneti a masiku ano ndi olemera ndi zithunzi ndi makanema, moti kungotsegula angapo pa Chrome kapena Firefox memory ya 2 GB imakhala itadzaza kale. Mphasa ndi yomwe ija, koma nyemba zachuluka.

Kufufuza kaye asanagule

Munthu wanzeru sagula mankhwala asanadziwe matenda. Pa kompyuta ya Windows, akadina pamodzi mabatani atatu, Ctrl, Shift ndi Esc, pamatseguka tsamba limene m'Chipwitikizi limatchedwa Gestor de Tarefas. M'menemo, pa gawo la Desempenho, kompyuta imaonetsa yokha kuchuluka kwa memory imene ili nayo ndi imene ikugwiritsidwa ntchito. Ngati nthawi zonse ili pafupi kudzaza pamene munthu akugwira ntchito wamba, matenda apezeka. Ngati memory ili ndi malo ambiri koma kompyuta ikuchedwabe, vuto lili kwina: mwina diski yatopa, mwina mwalowa mavairasi kudzera m'mafulashi amene amayenda ofesi ndi ofesi, mwinanso fumbi latseka mopitira mpweya ndipo kompyuta ikutentha. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala kuno silinyengerera makina. Pamenepo kugula memory n'kutaya ndalama.

Chachiwiri n'kudziwa mtundu wa memory, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Memory ili ndi mibadwo. DDR2 inayamba kupezeka cha m'ma 2003, DDR3 mu 2007, DDR4 mu 2014, ndipo makompyuta atsopano ambiri ali ndi DDR5. Mibadwo imeneyi siilowana. M'munsi mwa kachipangizo kalikonse muli timano tooneka ngati golide, ndipo pakati pa timanoto pali kampata kodulidwa. Kampatako kali pamalo osiyana pa mbadwo uliwonse, mwadala, kuti munthu asalowetse memory yolakwika. DDR2 ndi DDR3 za kompyuta ya patebulo zonse zili ndi timano 240, moti poziona patali zimafanana, koma kampata kamazisiyanitsa. DDR4 ili ndi timano 288. Amene angakakamize memory yolakwika kuti ilowe amathyola malo olowetserapo, ndipo pamenepo ndiye kuti kompyuta yafadi.

Memory ya laputopu ndi yaifupi, pafupifupi theka la ya kompyuta ya patebulo, choncho ziwirizi sizisinthana. Palinso DDR3 ya mitundu iwiri: yamba imene imayendera mphamvu ya 1.5 V, ndi ina yolembedwa DDR3L kapena PC3L imene imayendera 1.35 V. Malaputopu ena a m'zaka za 2013 kupita mtsogolo amafuna yachiwiriyi basi. Njira yosavuta yopewera chisokonezo chonsechi n'kuchotsa memory yakale, kuwerenga kapepala komatidwa pamwamba pake, pamene pamalembedwa zinthu monga PC2-6400 kapena PC3-12800, n'kupita nayo kusitolo. Choposa apo n'kunyamula kompyuta yomweyo kuti memory iyesedwe wogula akuona, ndalama zisanachoke m'thumba. Ulendo wa pa chapa kuchoka ku Lione kapena ku Chimbonila kupita ku Lichinga ndi wodula, ndipo kuubwereza chifukwa chogula chinthu chosalowa ndi chilango chimene munthu angathe kuchipewa.

Chachitatu ndi malire a kompyutayo. Iliyonse ili ndi muyezo umene singapitirire, ndipo ili ndi malo olowetsamo memory owerengeka, nthawi zambiri awiri pa laputopu, awiri kapena anayi pa ya patebulo. Malaputopu ena otsika mtengo ndi ena opyapyala kwambiri anawotcherera memory pa bolodi, moti siichoka ndipo siwonjezereka. Komanso Windows ya mtundu wa 32-bit siitha kugwiritsa ntchito memory yopitirira 4 GB, ndipo kawirikawiri imaona yochepera pamenepo. Munthu akaika 8 GB m'kompyuta yotere osasintha Windows kukhala ya 64-bit, theka la ndalama zake limangogona.

Kulowetsa kwake sikufuna digiri

Ntchito yeniyeni ndi yapafupi kuposa kumata chubu cha njinga. Kompyuta izimitsidwe, chingwe cha magetsi chizulidwe, ndipo ngati ndi laputopu ya batire lochoka, batirelo lichotsedwe. Munthu asanagwire chilichonse m'kati, akhudze kaye chitsulo. Chifukwa chake n'chakuti thupi limasunga timagetsi, tomwe tija timathetheka munthu akamavula juzi ya nayiloni usiku wa mu Juni kapena Julayi, ndipo timagetsi timeneti tingathe kupha memory. Kachipangizoko kagwiridwe m'mbali, osakhudza timano. Kampata kayang'anizane ndi kachitunda ka pamalo olowetserapo. Pa kompyuta ya patebulo amakakanikizira pansi molunjika mpaka tizogwirira ta m'mbali titatseka tokha. Pa laputopu amakalowetsa mopendeka, kenako n'kukagonetsa mpaka kamveke kuti kagwira.

Kompyuta ikayatsidwa n'kumangolira osaonetsa kanthu, si chifukwa chodandaulira. Nthawi zambiri ndiye kuti memory siinakhale bwino, ndipo kuichotsa n'kuilowetsanso kumathetsa vutolo. Kompyuta ya 2 GB ikafika pa 4 GB, kapena ya 4 GB ikafika pa 8 GB, kusintha kwake kumaoneka tsiku lomwelo. Amene ali ndi kangachepe kowonjezera angasinthenso diski yozungulira ija n'kuika ya mtundu wa SSD, imene ilibe chozungulira m'kati. Zinthu ziwirizi zikaphatikizidwa, kompyuta ya zaka khumi imatha kulemba makalata, kuwerengera malipiro ndi kusindikiza mayeso popanda kudandaulitsa munthu.

Eni mafoni nawonso amve nkhaniyi, chifukwa mawu akuti memory asokoneza ambiri. Kuchokera pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012 n'kufikitsa netiweki kumidzi, foni yalowa m'makomo ambiri, ndipo aliyense akudziwa kakhadi ka memory koikamo nyimbo ndi makanema. Kakhadi kameneko ndi nkhokwe, si mphasa ayi. Kamawonjezera malo osungira, koma sikachititsa foni kuthamanga. RAM ya foni siwonjezereka chifukwa inamatiriridwa m'kati. Mapulogalamu amene amalonjeza kuti akakopedwa pa intaneti awonjezera RAM ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo ena amabwera ndi mavairasi. Memory ndi chinthu chogwirika ndi manja, sichibwera pamphepo. Palinso makhadi achinyengo olembedwa 64 GB pamene m'kati mwake muli malo ochepa zedi, ndipo zithunzi zimayamba kuwonongeka khadi likangodutsa muyezo wake weniweni. Chotsika mtengo mopitirira muyeso chimakhala ndi chifukwa chake.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yachangu

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, monga inachitira ndi Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020. Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, imakana makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018, ngakhale akhale amphamvu, chifukwa imafuna purosesa yatsopano ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Zotsatira zake n'zakuti maofesi a ku Ulaya ndi ku America akhala akutsitsa makompyuta ochuluka amene akugwirabe ntchito. Anthu a kuno akudziwa kumene katundu wotere amathera. Monga zovala za kaunjika, zimene kuno amati calamidade, ena mwa makompyutawa adzafika ku Nampula, ku Cuamba ndi ku Lichinga, ena adzalowera ku Malawi n'kudutsa pa Chiponde ndi Mandimba.

M'kaunjika mumapezeka malaya abwino, mumapezekanso sanza. Mphunzitsi kapena namwino amene wasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule laputopu yakale ayenera kufunsa mafunso atatu asanalipire: ili ndi memory yochuluka bwanji, ndi ya mbadwo uti, ndipo ingawonjezereke kapena ayi. Wogulitsa amene akukana kutsegula kuti wogula aone, asiyidwe ndi katundu wake. Laputopu ya DDR3 kapena DDR4 yokhala ndi malo owonjezerera ndi yaphindu kuposa ina yowala bwino kunja imene memory yake ndi 2 GB yowotcherera.

Chinanso n'chakuti chakumapeto kwa 2025 mitengo ya memory yatsopano inakwera kwambiri padziko lonse, chifukwa makampani akuluakulu a nzeru zopangidwa ndi makina, zija akuti AI, anayamba kugula yochuluka kuti aike m'nyumba zawo zosungira makompyuta. Makampani atatu okha, Samsung, SK Hynix ndi Micron, ndiwo amapanga pafupifupi memory yonse ya padziko, ndipo anatembenukira kumene kuli ndalama zambiri. Memory ikadula, kompyuta yatsopano nayo imadula. Phunziro lake kwa anthu a kuno n'loonekeratu. Kompyuta imene yafadi, imene bolodi yake inapsa ndi mphenzi, isatayidwe yathunthu. Memory yake ichotsedwe n'kusungidwa m'kapepala pouma, chifukwa ingathe kudzutsa inzake ya mbadwo womwewo. M'chipinda cha sukulu mmene muli makompyuta khumi ogona, n'zotheka kuphatikiza zipangizo n'kudzutsa angapo popanda kugula kanthu.

Ena anganene kuti kumeneku n'kukakamira zakale, ndipo ana a ku Chimbonila akuyenera kuphunzira pa makina atsopano monga anzawo a ku Maputo. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Palibe amene angakane kompyuta yatsopano ikabwera, ndipo boma lisapezerepo mwayi wozemba udindo wake wogulira masukulu zipangizo. N'zoonanso kuti pali makompyuta ena, makamaka a nthawi ya DDR yoyamba ndi DDR2, amene ngakhale atawonjezeredwa memory sangathenso kunyamula intaneti ya lero, ndipo kuwathira ndalama kuli ngati kuthira madzi m'dengu. Koma mwana amene akuphunzira phunziro la TIC ku sekondale chaka chino sangadikire kompyuta imene idzabwere zaka zitatu zikubwerazi. Iye adzakhala atamaliza sukulu atangoiona pachithunzi cha m'buku. Kompyuta yakale yoyenda imaphunzitsa kulemba, kuwerengera ndi kusunga makalata mofanana ndi yatsopano.

Nkhani ya chitetezo nayo ili ndi yankho. Kompyuta imene Windows 11 yaikana, ndipo Windows 10 yake siikusamalidwanso ndi Microsoft mwa nthawi zonse, ingathe kuikidwa Linux, monga Linux Mint kapena Lubuntu. Imeneyi ndi yaulere, ilipo m'Chipwitikizi, siidya memory yambiri, ndipo ndi LibreOffice munthu amalemba makalata ndi kupanga matebulo a mawerengero ngati mmene amachitira pa Word ndi Excel. Imene siilumikizidwa ku intaneti n'komwe, yongolembera ndi kusindikizira, ingapitirize ndi Windows yake yakale, bola eni ake asamale ndi mafulashi a alendo.

Kutaya nako kuli ndi mtengo wake. Lipoti la mabungwe a United Nations linasonyeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinatoleredwa ndi kukonzedwa moyenera. Mayiko a mu Africa anaona vutoli kalekale, n'chifukwa chake mu 1991 anagwirizana ku Bamako, m'dziko la Mali, zoletsa kulowetsa zinyalala zoopsa mu Africa. M'makompyuta akale muli mtovu ndi mankhwala ena oipa. Akaponyedwa kudzala kapena kuwotchedwa kuti anthu atengemo waya wa kopa, poizoniyo amalowa m'nthaka ndi m'madzi, nthaka yomweyo imene imabereka mbatata ya kachewere ndi nyemba zimene Chimbonila imadyetsa nazo Lichinga.

Boma lino, limene linalandira dzina lakuti Chimbonila mu 2013, likadamangabe maofesi ndi masukulu ake, ndipo metikali iliyonse ili ndi ntchito zambiri zoidikira. Choncho akuluakulu a masukulu ndi a maofesi ayambe n'kuwerenga makompyuta onse ogona pakona, n'kuitana wodziwa kuti awayeze imodziimodzi asanalembe kalata yopempha atsopano. Makomiti a makolo m'masukulu afunse kuti makompyuta amene anabwera zaka zapitazo ali kuti ndipo akudwala chiyani. Aphunzitsi a TIC asamaope kutsegula kompyuta yakufa pamaso pa ana, kuti mwana aone ndi maso ake kuti iyi ndi diski, iyi ndi memory, ichi ndi chopemerera mpweya. Mnyamata kapena mtsikana amene wadziwa kusiyanitsa DDR3 ndi DDR4, amene akudziwa kupukuta fumbi ndi kuika Linux, wapeza luso lomudyetsa, monga amadyera amisiri okonza mafoni ndi njinga zamoto pamsika. Ogulitsa nawo azinena zoona za katundu wawo, chifukwa wogula wonyengedwa kamodzi sabweranso, ndipo amauza mudzi wonse.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kompyuta imene ili pakona lero ndi imene boma lino lili nayo m'manja. Ivundukulidwe nsalu ija, ipukutidwe fumbi, ione memory yokwanira, ibwerere patebulo.